Fumbi Lakuda Lomwe Ndinkafunira Elube

Sindikumbuka chaka chomwe ndinachoka kwathu. Ndimangokumbuka kuti mlongo wanga Elube anali atangobwera kumene kuchokera kuchipatala cha paboma, kapepala kali m'manja. M'bere lake lakumanzere munali kachotupa kolimba, kosapweteka n'komwe, kokula ngati nzama imodzi. Madokotala anati ndi khansa, ndipo anati berelo lichotsedwe nthendayo isanayende.

Kwathu mkazi akakwatiwa sachoka m'manja mwa abale ake. Mwamuna amalima, amamanga nyumba, amabereka ana, koma nkhani ikafika pa mpeni kapena pa maliro, mawu omaliza ndi a mwini mbumba. Amalume anali atamwalira chilimwe chapitacho, ndiye mwini mbumba ndinali ine, munthu woti ngakhale nkhuku inali isanandimverepo. Alamu anga a Fabiyano, amuna ake a Elube, ananditengera kuseri kwa nkhokwe.

"Alamu, akuchipatala akudikira mawu," anatero motsitsa. "Ine ndine mkamwini. Sindingavomereze mpeni pathupi la mlongo wanu."

Ndikanangoti pitani, nkhani ino ikanathera kuseri kwa nkhokwe komweko. Koma udindo unali watsopano ndipo unkandikoma. Ndinatsokomola monga ankachitira amalume, n'kunena kuti bere la mlongo wanga silidulidwa ine ndikadali ndi miyendo. Dziko ndi lalikulu, ndinatero, penapake alipo mankhwala opha chotupa chokha n'kusiya mnofu wabwino, ndipo ndikawatenga ndine. Sindikudziwa komwe ndinazimva zimenezo. Mwina ndinangozilota.

Elube anali pamphasa chapafupi pomwepo, akuswa mtedza. Sanadzutse mutu.

"Ndamva, achimwene," anatero. "Ndidikira mawu anu."

M'mawa mwake ndinanyamuka. Ndinaoloka mitsinje iwiri, kapena mtsinje umodzi kawiri, mpaka ndinafika pamudzi wina wonunkha makala. Pakati pa mudziwo panali chisakasa, ndipo m'chisakasamo mkulu wina wosula makasu, dzina lawo a Chikadza, ankamenya chitsulo chofiira. Anandiyang'ana mapazi asanandiyang'ane nkhope.

"Umatha ntchito yanji, mphwanga?"

"Sinditha iliyonse. Ndikufuna mankhwala a chotupa."

"Kuno kuli makasu. Gwira mvukuto."

Ndinagwira. Ndinkati ndikhala sabata imodzi yokha, miyendo ipumeko. Ndikamaliza kupemerera moto, ndinkasesa timakoko takuda tomwe tinkagwa pachitsulo akamachimenya. Tinali topepuka, tophwanyika pakati pa zala, ndipo tinkadetsa manja mpaka Lamulungu. Tsiku lina ndinaiwala khasu latsopano panja, mame n'kuligwera masiku angapo, ndipo linatuluka dzimbiri. A Chikadza sanakalipe. Analitola n'kulitembenuza kawiri.

"Walitentha," anatero.

"Sindinaliike pamoto, agogo."

"Moto si wa malawi wokha. Chitsulo chimakoka mpweya monga iwe ndi ine. Chikakoka mofulumira chimathetheka m'ng'anjo. Chikakoka pang'onopang'ono ndiye dzimbiri ili. Kupsa kwake n'kumodzi, chasiyana ndi changu basi."

Ndinakhala nawo mpaka ndinatha kusula khasu losachititsa manyazi. Mvula inagwa, inatha. Tsiku lina wogulitsa nsomba wa panjinga, wochokera chakwathu, anandizindikira ndili pamvukuto. Anati Elube akupereka moni, chotupa chafika ngati dzira la nkhunda, ndipo akudikirabe mawu anga. Ndinati akamuuze alimbe mtima, ndayandikira. Ndinali ndisanayandikire chilichonse, koma mawuwo anatuluka bwino pakamwa.

Tauni yotsatira inali ya msewu umodzi, sitolo zitatu ndi chigayo. Anthu ake onse anali otuwa nsidze, moti poyamba ndinayesa ndi dera la okalamba okhaokha. Chigayocho chinali cha mayi wamasiye, a Nagama, munthu woti akayamba kuyankhula injini inkamveka ngati yatsitsa mawu.

"Mumatha ntchito yanji, bambo?"

"Kusula makasu. Koma ndikufuna mankhwala a chotupa."

"Kuno kuli ufa. Gwirani thumba."

Kumeneko ndinaphunzira kusintha sefa ya chigayo, ndiponso kuopa amayi. Mayi aliyense ankatsina ufa ndi zala ziwiri n'kuupekesa, ndipo akangomva kambulu kamodzi, ndinkamva za agogo anga amene. A Nagama anali ndi lamulo limodzi lokha: fodya asalowe m'chigayo. Ine ndinkati n'kuvuta chabe kwa eni malo. Ndiye masana ena a mwezi wa dzuwa, fumbi la ufa lili tolo m'mwamba monse, mlendo wina anayatsa ndudu pakhomo. Mpweya weniweniwo unayaka. Unangoti phu kamodzi n'kuzima, nsidze zanga zitapita. Matumba a chimanga omwe anali pomwepo sanapse ngakhale limodzi.

"Njere ya chimanga mutaiika pa machesi ingoda ndi mwaye," anatero a Nagama akundipaka mafuta pamphumi. "Koma muigaye ikhale fumbi, kambulu kalikonse kakhudzane ndi mpweya mbali zonse, mudzaona. Chinthu chikachepa sichifatsa ayi, bambo. Chimalusa."

Nsidze zinamera. Chomwe sichinabwerere ndi khutu langa lakumanja, lomwe injini inalidya pang'onopang'ono mpaka linagontha. Nthawi yomweyo kondakitala wa basi anandipatsa kalata ya a Fabiyano. Chotupa tsopano chinali ngati ndimu, ndipo m'khwapa munali mutatuluka china chaching'ono. Pansi pa kalatayo Elube anawonjezera ndi dzanja lake lokhotakhota: Achimwene, ndikudikira.

Ndinaiwerenga kawiri nditakhala pa matumba a madeya. Ndinachita mantha, sindikana. Koma manyazi anali aakulu kuposa manthawo. Munthu amene anatsokomola ngati amalume ake pamaso pa mkamwini akanabwerera bwanji chimanjamanja? Ndinayankha kuti tsopano ndayandikira kwambiri, ndipo ndinanyamula katundu wanga kulowera kutali.

Kenaka panali chipatala chaching'ono paphiri, cha malata ofiira, chomwe odwala ankachiona kuyambira m'mawa koma n'kufikapo masana. Namwino wamkulu wa pamenepo anali mayi wamtali wovala magalasi omangidwa ndi ulusi. Anandifunsa funso lomwe lija.

"Kusula ndi kugaya," ndinayankha. Za mankhwala sindinatchule, zinali zitayamba kundilemera pakamwa.

"Kuno kuli mabala. Gwirani beseni."

M'chipinda chotsukira mabala munali botolo lofiirira la madzi oyera mbee. Akawathira pakhungu labwino, ankangoyenderera ngati madzi a pachitsime. Akawathira pabala, ankatuluka thovu n'kumalira pansipansi. Namwinoyo anati madzi amenewo ali ndi mpweya wowonjezera womwe sakondwa nawo, ndipo akakhudza magazi amaulavula. Tsiku lina ndinagwetsa sizasi yakale yadzimbiri m'kambale ka madziwo. Anayamba kuwira popanda moto, kambale n'kufunda m'manja mwanga. Ndinaima pomwepo ndikuyang'ana mpaka namwino anandiitana kachiwiri.

Lachinayi lililonse kunkabwera amayi a mabere. Ena ankabwera okha wapansi, mbali imodzi ya chifuwa ili see, chipsera chachitali chitapola bwino, akuseka, atamunyamulira namwino mbatata. Amenewo ndi omwe anavomera mpeni msanga. Ena ankabwera atakwezedwa panjinga, fungo lili patsogolo, iwo pambuyo. Ndinkagwirira beseni onsewo. Ndinali ndi maso awiri abwinobwino, koma ndinkayang'ana m'beseni.

Tsiku lina ndinalimba mtima n'kufunsa ngati kuli mankhwala opha chotupa chokha.

"Ndimamva kuti mumzinda muli nyumba ina yomwe akuyesa zoterozo," anatero namwino akupinda bandeji. "Koma ngati muli ndi m'bale wodwala, musadikire zimenezo. Mubwere naye."

Mawu omalizawo ananena ataima mbali ya khutu langa logontha. Ndimo ndinkadziuzira zaka zambiri. Paphiripo sipanafike uthenga uliwonse wochokera kwathu, ndipo ndinadziuza kuti kukhala chete ndiye kuti zinthu zili bwino.

Mzinda unali ndi misewu yambiri yofanana, moti ndinadutsa nyumba imodzi katatu ndisanadziwe kuti ndi yomwe ndikufuna. Mkati munali mozizira, mopanda fumbi ngakhale pazenera. Ankaitcha labotale. Mkulu wake anali mayi wamfupi wa imvi zochepa, Dokotala Chapola, woyankhula motsitsa kotero kuti ndinkachita kumutembenuzira khutu lamoyo.

"Mumatha ntchito yanji, bambo?"

"Kusula, kugaya, ndi kugwira beseni."

"Kuno kuli mabotolo. Muzitsuka katatu, komaliza ndi madzi athu, osati a pampopi. Sopo akatsalira ngakhale kadontho, ntchito ya mwezi wathunthu yatayika."

Anandiveka gawuni yoyera, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokere kwathu ndinaoneka ngati munthu wodziwa zinthu. Ndinatsuka mabotolo nyengo yonse yozizira. Ataona kuti sindiswa, Dokotala anayamba kundilola kuima pambali pake akamasakaniza. Ankasungunula mchere wa chitsulo m'madzi, madziwo n'kusanduka achikasu, ndipo kamakina kankawatakasa kosalekeza. Kenaka ankadonthezamo madzi ena a fungo loboola mphuno ngati la m'khola la mbuzi. Dontho, dontho, dontho, ndipo mwadzidzidzi botolo lonse linkada bii. Akaika maginito pambali, kuda konseko kunkathamangira kumeneko n'kukanirira pagalasi, madzi n'kutsala oyera.

"Ndi chitsulo chomwe chija, chogwirana ndi mpweya, m'bale wake wa timakoko ta kosulira kwanu," anandiuza tsiku lina. "Kungoti ichi n'chosalala kuposa ufa uliwonse womwe munagayapo. Mutandandalika timibulu take zikwi zingapo, ndi pamene mungafike pa kunenepa kwa tsitsi limodzi."

"Ndiye fumbi lingaphe bwanji chotupa?"

"Chotupa cha khansa n'chowawasa mkati kuposa mnofu wabwino. Chimadzipangiranso chokha madzi a thovu aja munkathira pamabala, ochulukirapo. Fumbili likafika m'menemo, kuwawasako kumalidzutsa, limakumana ndi madzi aja, n'kubereka mtundu wina wa mpweya wa okosijeni, wolusa koma wosakhalitsa. Umabadwa, kutentha chomwe wayandikana nacho, n'kufa diso lisanaphethire. Mumnofu wabwino timafuna fumbili lizingogona tulo."

Ndinakhala pansi pa kampando. Dzimbiri la a Chikadza, fumbi la a Nagama, kambale kofunda ka paphiri, zonse zinali m'botolo limodzi lakuda. Ndinaona ngati misewu yonse yomwe ndinayenda inkabwera kuno, ndipo nthawi yomweyo ndinadzikhululukira zonse. Ine kudzikhululukira sindichedwa.

Anandionetsa pa makina okuzira tinthu tosaoneka. M'kambale kena munali maselo a khansa, tizidutswa tamoyo tomwe timapanga chotupa, atathinana ngati anthu pamsika. Titawathira fumbi lija, m'mawa mwake anali atakwinyika n'kuyandama. M'kambale ka maselo abwino ambiri anali akadali m'malo mwawo. Kuchipinda chakumbuyo kunali mbewa zoyera zokhala ndi zotupa pantchafu, ndipo ine ndinkazigwira Dokotala akamayeza. Zotupa zina zinkaphwa ndithu sabata ndi sabata. Ndinasangalala kwambiri masiku amenewo, kusangalala kwenikweni, ndipo ndinakhalitsa kuposa momwe ndikanayenera.

Tsiku lina m'mawa, mabotolo ali pouma, ndinapempha.

"Dokotala, mundigawireko fumbili. Kotsina ndi zala ziwiri basi, m'kapepala."

"Mukatani nalo?"

"Mlongo wanga ali ndi chotupa m'bere. Ndikamutemera mphini mozungulira n'kupakamo. Kuda kwake n'chimodzimodzi ndi mankhwala a mphini akwathu, sakaopa."

Sanaseke. Ndikanakonda akanaseka.

"Mukapaka pamphini likangosiya zipsera zakuda, mwinanso mafinya," anatero. "Liyenera kuyenda ndi magazi, litakutidwa bwino kuti lisagwirane mibulu panjira, ndipo sitinadziwebe kuti chiwindi cha munthu chingalilandire bwanji. Mwaona nokha kuti mbewa zina zikuchira, zina ayi. Kuti lifike pamunthu padutsa zaka, mwina khumi, mwina osafika n'komwe. Chotupacho chinayamba liti?"

Ndinayesa kuwerenga mvula pa zala, koma zinkasokonekera. Ya kosulira, ya kuchigayo, ziwiri kapena zitatu za paphiri.

"Akuchipatala anati chiyani?"

"Anati achotse bere."

"Anakaniza ndani?"

"Mwini mbumba."

"Mwini mbumbayo ali kuti?"

Ndinayang'ana mabotolo anga. Anali oyera bwino, opanda kadontho ka sopo. Dokotala Chapola anavula magolovesi pang'onopang'ono, chala ndi chala.

"Vulani gawuniyo, bambo. Fumbili silithawa. Pitani lero, mukanene mawu omwe anthu akuwadikira."

Njira yobwerera inali yaifupi modabwitsa. Chipatala cha paphiri anali atachipaka utoto wina. Chigayo chinali chete, pakhomo pali loko. Pamudzi wa makala chisakasa chinali chitagwa, mbuzi zikugona pamwala wosulira, ndipo sindinafunse. Ndinkangobwereza mawu anga pakamwa kuti ndisawaiwale: pitani, akachotse. Ndinkaopa kuti ndikawanena pamanda.

Ndinafika masana. Pabwalo panali ana omwe sindinkawadziwa, ndipo anandipatsa njira ngati mlendo. Elube anali pakhonde, atatsamira chipupa. Anali moyo. Anali atawonda kwambiri, kupatula mkono wakumanzere womwe unatupa kufanana ndi ntchafu, atausanjika pa katsamiro. Mbali imeneyo ya chifuwa nsalu inkangotsika see.

Tinapatsana moni wonse, mpaka kufunsana za panjira. Kenaka ndinakhala pansi, mawu anga aja atasowa ntchito.

"Unapita," ndinatero.

"Ndinadikira mvula ziwiri, achimwene. Yachitatu bala linatseguka, ana anasiya kudya nane mbale imodzi. Ndinapita."

"Alamu anavomera?"

"A Fabiyano sakanavomera popanda inu, mukuwadziwa. Ndinawauza kuti mwaimba lamya ku sitolo iwo ali kudimba, ndipo mwati ndipite msanga. Anandikweza panjinga tsiku lomwelo." Anakonza mkono uja ndi dzanja linalo. "Mudzi wonse ukudziwa kuti munaloleza ndinu. Musakatsutse."

Ndinafunsa zomwe madokotala ananena. Anayankha mosabisa, monga munthu wonena za nyengo. Anachotsa bere ndi za m'khwapa zomwe, n'chifukwa chake mkono unatupa, ndipo khasu sadzaligwiranso. Tsopano msana unali utayamba kupweteka, ndipo madokotala anati nthenda yafika m'mafupa. Mwezi ndi mwezi amakalandira mankhwala ochepetsa ululu ndi ochedwetsa nthendayo. Anati akanabwera chaka choyamba chija, mwina akanangotsala ndi chipsera chokha.

Ndinalira. Sindinabise nkhope, panalibenso chobisa. Elube anandisiya ndilire, kenaka anafunsa:

"Nanga mankhwala aja munawapeza?"

"Ndinawapeza. Ndi fumbi lachitsulo, lakuda. Limatentha chotupa chokha."

"Lili kuti?"

"Likadali pa mbewa."

Anaseka pang'ono, msana n'kumuletsa. "Mwina lidzathandiza ana angawa," anatero. "Pukutani maso, alamu anu akubwera."

A Fabiyano ankachokera kudimba, matope mpaka m'mawondo, tsitsi litayera mbali zonse. Atandiona anaika mtolo wa ndiwo pansi, napukuta manja pa malaya, n'kubwera kudzagwira dzanja langa ndi manja awiri.

"Alamu, mwafika. Ndakhala ndikufuna kukuthokozani pamaso. Ine ndinali nditagwira njakata, ndikungomuyang'ana mayiyu akutha. Pakanapanda lamya yanu ija, bwenzi titaika kalekale. Mbumba yanu mumaisamala."

Ndinatsegula pakamwa. Kumbuyo kwawo Elube ankandiyang'ana, osaphethira, mkono wake uli pa katsamiro.

"Musathokoze, alamu," ndinatero. "Ndinachedwa."

"Ayi, munali kutali," anatero a Fabiyano, akundigwedezabe dzanja. "Munali kutali, ife tikudziwa."